Momwe mungasungire lesitilanti kapena bala yanu m'tauni ya Mzuzu malonda akavuta

Azakhali anga ali ndi kalesitilanti kufupi ndi depoti ya Mzuzu, ndipo ine ndakhala ndikuwagwirira kabuku ka ndalama kwa zaka zingapo. Kale ikamakwana 12 koloko mabenchi amadzaza, wina kudyera choyimirira. Masiku ano pali masiku ena oti mpoto wa mpunga umafika 3 koloko usanafike pakati, ndipo ndikamadutsa m'tauni madzulo ndimaona zitseko zina zomwe zinkatuluka fungo la nyama yokazinga zili ndi loko wadzimbiri.

Zifukwa zake tonse tikuzidziwa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafuta ophikira, shuga, ufa watirigu ndi gasi zinakwera osabwereranso. Malipiro a anthu sanathamange liwiro lomwelo. Wa mu ofesi tsopano amanyamula kakontena ka mpunga kuchokera kunyumba, kapena amangodya tchipisi pachiwaya. Womwa mowa amamwera kwawo ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Chiputula, chifukwa kabaza wa usiku kuchoka m'tauni amadya mtengo wa botolo lina. Izi simungazisinthe. Koma malo ambiri omwe ndawaona akutsekedwa anali akutha kale ndi timabowo ta m'kati tomwe mwini wake sankationa, ndipo timeneto mungathe kutitseka. Nazi zomwe tinachita ife, motsatana momwe ndingalangizire aliyense.

Yambani ndi kudziwa mtengo wa mbale imodzi

Funsani eni malesitilanti khumi kuti mbale imodzi ya nsima ya nkhuku imawadyera ndalama zingati, ambiri akuyankhani mtengo womwe amagulitsira. Umenewo si womwe ndikufunsa. Ndikufunsa ndalama zomwe mwalowetsa inu mbaleyo isanafike patebulo.

Tengani tsiku limodzi, makamaka Lachiwiri kapena Lachitatu pomwe malonda ali apakatikati, mukhale kukhitchini ndi kabuku. Yezani ufa musanaphike, muwerenge mitanda yomwe yatuluka. Yezani mpunga, muwerenge mbale. Nkhuku imodzi mwaidula zidutswa zingati? Botolo la mafuta latha pa miphika ingati? Lembaninso tomato, anyezi, mchere, masamba, sopo wotsukira mbale. Mukatero tengani lendi, malipiro a antchito, madzi, magetsi ndi makala a mwezi wonse, mugawe ndi masiku omwe mumatsegula, kenaka mugawenso ndi mbale zomwe mumagulitsa patsiku. Nambala imeneyi muiphatikize pa mbale iliyonse.

Ife titachita izi tinapeza chinthu chomwe chinawakhalitsa pansi azakhali. Mbale ya nyama ya ng'ombe, yomwe inkatuluka kwambiri ndipo ankainyadira, inkangobweza ndalama zake basi, pomwe nyemba ndi usipa, zomwe ankaziona ngati ndiwo za osauka, ndi zomwe zinkalipira lendi. Vuto linali chipande. Mtsikana wogawa ankati akaona kasitomala womudziwa, dzanja limalemera, nthuli zinayi m'malo mwa zitatu. Tinagula chipande chimodzi cha mpunga, kapu imodzi yoyezera mafuta, ndipo nyama tinayamba kuidula m'mawa n'kuwerengeratu nthuli. Madzulo nthuli ndi ndalama ziyenera kugwirizana.

Mitengo ikakwera kumsika, bwerezani masamuwa sabata yomweyo. Kukweza mbale pang'ono pang'ono anthu amakupirira. Kudikira miyezi isanu n'kukweza kamodzi ndi kumene kumathamangitsa makasitomala.

Chepetsani ndiwo

Bolodi lolembedwa ndiwo khumi limakongola, koma ndiwo zisanu kapena zisanu ndi imodzi mwa zimenezo zimagona mumphika. Siyani zinayi kapena zisanu zomwe zimatha tsiku lililonse, ndipo pakhale chimodzi chomwe anthu angakudziwireni nacho. Kuno tili ndi mwayi: Nkhata Bay ili pafupi, nsomba zimafika zaziwisi m'mawa. Kondowole wa batala kapena wa usipa wofutsa, wophikidwa bwino tsiku lodziwika pa sabata, amakokera anthu kuchokera ku Katoto wapansi. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umadzigulitsa wokha ndi fungo, bola musausakanize ndi wina kuti uchuluke, chifukwa anthu a kumpoto kuno mpunga amaudziwa ndipo sadzabweranso.

Phikani kawiri m'malo mophika kamodzi: mphika woyamba wa 11:30, wachiwiri waung'ono pokhapokha mwaona kuti anthu akubwera.

Gulani ngati wamalonda, osati ngati wapakhomo

Kutuma mwana kukagula tomato wa mulu umodzi masana ndi kutaya ndalama. Lawirirani ku Zigwagwa kapena kumsika waukulu pomwe magalimoto akutsitsa katundu, muode kwa opikulitsa asanafike kwa ogulitsa pamilu. Ngati beseni la tomato lingakuwolereni, gwirizanani ndi mnzanu wa lesitilanti yoyandikana nayo mugawane. Ndikudziwa kuti ambiri timaonana ngati adani, koma amene akukulandani makasitomala si mayi wa khomo linalo. Nonse mukumira m'bwato limodzi.

Chimanga, nyemba ndi mpunga gulani nthawi yokolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi, ngati mpamba ukulola ngakhale matumba ochepa. Chimanga chomwecho mu Januwale ndi Febuluwale chimakhala pamtengo wina. Kugayitsa nokha kumatsika mtengo kuposa kugula ufa wa m'mapaketi, ndipo madeya mumagulitsa kwa oweta nkhuku.

Moto, magetsi ndi madzi

Amene anali pa bizinesi mu 2022 akukumbukira momwe magetsi ankazimira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale chaka chimenecho. Ife tinatayapo nkhuku zodzadza fuliji, ndipo kuchokera pamenepo tinaphunzira kusasunga nyama yopitirira masiku awiri. M'fuliji muziikamo mabotolo a madzi owumitsa; magetsi akazima amasunga kuzizira kwa maola angapo, bola chitseko chisamatsegulidwe chisawawa. Jenereta ndi yabwino kwa a bala usiku wa mpira, koma werengerani kaye: ngati mafuta a maola atatu akuposa phindu la mabotolo omwe mugulitse m'maola amenewo, yatsani nyale za sola mukhale.

Makala akukwera mtengo chaka ndi chaka, ndipo malamulo a zankhalango anakhwimitsidwa mu 2020, moti makala opanda chilolezo angakuikeni m'mavuto. Nyemba zivikeni usiku wonse, zimapsa msanga. Mphika uzikhala wovindikira. Gasi musungire zinthu zofulumira monga tiyi ndi mazira, ndipo mbaula ikayaka isakhale yopanda mphika. Madzi a Northern Region Water Board sungani m'migolo iwiri yovindikira, chifukwa tsiku lomwe mpopi wauma simungatseke, komanso simungatsukire mbale m'madzi akuda. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri ku Nkhata Bay kuno pafupi, ndipo anthu sanaiwale. Ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo, ndi chimbudzi chosamalika, zimabweretsa amayi ndi anthu a m'maofesi omwe pena akanadutsa.

Ngongole ndi dzanja la mwini

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi povuta chifukwa pakukhudza anthu omwe timawadziwa. Amabwera bambo wovala bwino, wodya pamalopo chaka chonse, n'kunena kuti, "Amayi, lembani, pakutha pa mwezi ndikuonani." Mumalemba. Mwezi ukatha amayamba kudyera kwina chifukwa cha manyazi, ndiye mwataya ndalama, mwatayanso kasitomala. Tsiku lina ndinawerengetsa kabuku kathu ka ngongole ndipo ndalama zomwe zinali kunja zinali zokwana lendi ya miyezi iwiri. Azakhali anangogwira kukamwa.

Tinachita chonchi. Ngongole zakale tinazilemba papepala, aliyense tinamuuza mwaulemu payekha, osati pagulu, kuti azibweza pang'onopang'ono uku akudyabe ndi ndalama m'manja. Ngongole zatsopano tinasiya. Kwa a m'maofesi tinatembenuza nkhani: alipiriretu za sabata kapena za mwezi tsiku la malipiro, ife tiwachotsereko pang'ono pa mbale iliyonse. Ambiri anavomera, chifukwa nawonso amadziwa kuti pofika pa 20 m'thumba mumakhala mulibe kanthu. Ndalama zolipiriratuzo ndi zomwe timaodera mpunga.

Wangongole wamkulu, komabe, nthawi zambiri ndi mwini malo. Mwana wabwera kuti akufuna ya mayeso, dzanja m'kabati. Uthenga wa maliro wafika kuchokera ku Mzimba, dzanja m'kabati. Alamu abwera ndi anzawo atatu, adya osalipira. Palibe amene akunena kuti musathandize abale, ndife Amalawi. Koma dziikireni malipiro a pamwezi ngati wantchito wina aliyense, ndipo zothandizira abale zizichoka pamenepo. Chilichonse chotuluka m'kabati chilembedwe, ngakhale mbale yomwe mwadya nokha. Khalani ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya bizinesi yokhayokha, yosiyana ndi yanu, ndipo wantchito aziona uthenga wa ndalama pafoni ya pamalopo, osati pafoni ya kasitomala, chifukwa mauthenga abodza alipo.

Za katapila ndinene mwachidule: musayerekeze. Phindu la mbale ya nsima silingapikisane ndi chiwongoladzanja cha katapila. Ngati mukufunadi kowonjezera mpamba, banki m'khonde ya anthu odziwana ndi yabwinoko, ndipo ndalamayo ipite ku katundu wogulitsa, osati kukalipira lendi yakale.

Atsateni makasitomala komwe ali

Ngati wa mu ofesi sakutsika kudzadya, nsima imupeze pa desiki. Tolerani manambala a makasitomala, ndipo 9 koloko m'mawa tumizani pa WhatsApp ndiwo za tsikulo ndi chithunzi chenicheni cha mphika wanu. Maoda atseke 11 koloko. Gwirizanani ndi wakabaza mmodzi wokhulupirika, azinyamula maoda a mbali imodzi ulendo umodzi, kaya ndi ku mabanki a mumsewu wa Orton Chirwa, kaya ndi kumaofesi a boma. Izi zimathandizanso kudziwiratu kuchuluka kwa chakudya choti muphike.

Dziwaninso kalendala ya mzinda uno. Msika wa fodya ukatsegulidwa, alimi a ku Rumphi ndi Mzimba amadzaza m'tauni ali ndi ndalama, ndipo amafuna nsima yokhuta, osati zokongoletsa. Ophunzira a ku Mzuzu University akatsegulira, mbali ya Luwinga imadzuka, akatsekera, imagona. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi ndi ndalama kwa amene watsegula 6 koloko ndi tiyi wamkaka, mandasi, mbatata ndi chinangwa chophika. Khofi wa Mzuzu amatchuka mpaka kunja, koma ndi malesitilanti angati ang'onoang'ono m'tauni muno omwe amamugulitsa pa kapu? Ndipo wogawa chakudya adziwe kulonjera m'Chitumbuka. "Muli uli, adada?" ndi "Yewo chomene" zimamukhazika pansi munthu wochokera kumudzi kuposa nyimbo iliyonse.

Kwa a bala

Bala imafera pa kaunta. Werengani mabotolo odzadza ndi opanda kanthu potsegula ndi potseka, tsiku lililonse, inuyo kapena munthu yemwe si wogulitsayo. Botolo lopanda kanthu ndi ndalama, chifukwa popanda ilo simuoda kireti ina, ndiye lisatuluke pakhomo popanda chikole. Mowa wa m'matoti ndi umene umabedwa kwambiri: ikani chizindikiro pa botolo potseka, ndipo dziwani matoti omwe botolo limodzi limatulutsa. Yang'aniraninso wogulitsa wobweretsa mabotolo akeake n'kumagulitsira pa kaunta yanu, pa magetsi anu.

Phindu la botolo la mowa ndi lochepa, choncho pakhale chodyera. Ngati simungathe kuwotcha nokha kanyenya kapena kuphika mang'ina, lolani mnyamata wa chiwaya akhale pakhomo azilipira kangachepe pa sabata; womwa akadya amakhalitsa. Popeza anthu akuthawa m'tauni usiku, limbikirani maola a 4 koloko mpaka 9 koloko pomwe akuweruka, ndi Loweruka ndi Lamulungu masana pa mpira. Kukhala chotsegula mpaka mbandakucha chifukwa cha anthu atatu oledzera kale ndi kuwotcha magetsi ndi kuitana ndewu. Ana osakwana zaka 18 musawagulitse mowa, ngakhale atati atumidwa.

Mapepala, landilodi ndi antchito

Layisensi ya bizinesi ndi ya mowa zochokera ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ziphaso za chipatala za ogwira chakudya, za msonkho ku MRA, ndi chilolezo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ngati mumaika nyimbo: sungirani ndalama zake pang'ono mwezi uliwonse mu envelopu yapadera, kuti nthawi yokonzanso ikafika musadzidzimuke. Kutsekeredwa sabata imodzi kumadula kuposa layisensi. Mukalipira chilichonse, landirani lisiti.

Landilodi musamuthawe. Mukaona kuti mwezi uno zivuta, pitani tsiku lisanakwane, muli ndi theka m'manja, mukambirane. M'tauni momwe zipinda zina zili zotseka, landilodi wanzeru amasankha munthu wolipira mochedwerako kusiyana ndi chipinda chopanda munthu, ndipo mungathe kupempha kuti lendi isakwere chaka chino. Zomwe mwagwirizana zilembedwe. Antchito alipireni pa tsiku lake ngakhale inu mutsale opanda kanthu, chifukwa wophika yemwe sanalandire miyezi iwiri amadzilipira yekha ndi mafuta ndi nyama.

Mukachita zonsezi kwa miyezi itatu, tsegulani kabuku muone. Ngati lendi yokha ikudyabe phindu lonse, funani woti mugawane naye chipinda, wina tiyi m'mawa, wina mowa madzulo, kapena samukirani kumalo otsika mtengo monga ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa n'kumatumiza chakudya m'tauni pa kabaza. Azakhali anasankha kugawana: kuyambira 6 mpaka 10 koloko m'mawa chipindacho chimakhala cha mayi wina wa tiyi ndi mandasi, amene amalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a lendi, ndipo iwo amayatsa mbaula zawo mayiyo akamatsuka makapu.