Momwe mungalandirire ndalama za UIF mpaka masiku 365 ntchito ikakutherani ku Joni

Aliyense wogwira ntchito yolembedwa ku South Africa amauona mzere wa UIF pa payslip yake. Bwana amadula 1 peresenti ya malipiro anu, naye n'kuikapo 1 peresenti yake, zonse n'kupita ku thumba la Unemployment Insurance Fund, lomwe lili pansi pa Department of Employment and Labour. Kumudzi kulibe thumba lotere, n'chifukwa chake a Malawi ambiri amaziona ngati msonkho wongotayika. Si msonkho. Ndi ndalama zoti zikusungeni ntchito ikatha, ndipo anthu ochokera kunja, antchito a m'nyumba ndi a m'gadeni omwe, ali ndi gawo lawo, bola ngati amagwira maola 24 kapena kuposerapo pa mwezi kwa bwana ameneyo.

Kale munthu amalandira kwa masiku 238 basi. Lamulo linasinthidwa mu 2016, n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2019, ndipo malire anafika pa masiku 365. Masiku 127 owonjezerawo ndi amene amathandiza munthu amene ulova wamukhalitsa, koma si aliyense amawafikira, komanso ndalama zake n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za miyezi yoyamba.

Werengani masiku anu musanapite ku ofesi

Pa masiku 4 aliwonse amene munali pa ntchito mukudulidwa UIF, mumasungira tsiku limodzi lodzalandira. Amangoyang'ana zaka 4 zomaliza ntchito isanathe. Amene wagwira zaka zonse 4 mosadukiza ali ndi masiku 365. Wa zaka 2 ali ndi 182, wa chaka chimodzi 91. Kuti mudutse malire a 238 aja muyenera kukhala kuti munagwira masiku oposa 952, kutanthauza zaka 2 ndi miyezi 7 kuphatikizapo masiku pang'ono. Ngati m'zaka 4 zomwezo munalandirapo kale za ulova, masiku amenewo amachotsedwa. Zaka 15 pa kampani imodzi sizionjezera kanthu, malire ndi 365 omwewo.

Ndalama amawerengera pa tsiku. Tengani malipiro a pa mwezi, chulukitsani ndi 12, gawani ndi 365. Pa masiku 238 oyamba mumalandira pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya ndalama ya pa tsikuyo, wolandira zochepa ndiye amapeza peresenti yokwera. Amene amalandira R5,000 pa mwezi, tsiku lake ndi R164.38, peresenti yake ili cha pa 47, ndiye amapatsidwa pafupifupi R77.70 pa tsiku, yomwe ndi R2,330 pa masiku 30. Kuyambira tsiku la 239 aliyense amatsikira pa 20 peresenti. Munthu yemweyu amayamba kulandira R32.88 pa tsiku, R986 pa masiku 30. Ndalama imeneyi singalipire lendi ndi chakudya pamodzi ngakhale kukomboni, choncho mwezi wa 8 wa ulova usakupezeni mukadali m'chipinda cha mtengo umene munkakwanitsa muli pa ntchito.

Olandira zambiri adziwe kuti kuyambira Juni 2021 thumbali limawerengera malipiro osaposa R17,712 pa mwezi. Kaya mumalandira R30,000, zanu ndi R221.28 pa tsiku, kenako R116.46. Ubwino wake ndalama za UIF sazidula msonkho.

Fomu ya UI-19, pamene zinthu zimathinira

Mapepala ena onse mukhoza kuwakonza tsiku limodzi. UI-19 ndi imene imagwetsa anthu. Iyi ndi fomu imene bwana amalembapo dzina lanu, nambala ya chitupa, tsiku loyamba ntchito, tsiku losiya, malipiro, maola a pa mwezi, ndi nambala yosonyeza chifukwa chimene ntchito yathera. Musachoke nayo pakhomo pa bwana musanaiwerenge bokosi ndi bokosi.

Yambani ndi nambala ya chifukwa ija. Nambala 4 ndi kuchotsedwa ntchito, 5 kontirakiti yatha, 8 kampani yagwa ndi ngongole, 11 kuchepetsa antchito, 14 bizinesi yatsekedwa, 15 bwana wa pakhomo wamwalira. Zonsezi zimalipidwa. Nambala 6 ndi kusiya ntchito mwa kufuna kwanu, 13 ndi kuthawa pa ntchito, ndipo ziwirizi sizilipidwa ngakhale senti. Pali mabwana ena amene akafuna kuchotsa munthu popanda kutsata ndondomeko amamuuza kuti, "ingolembani kalata yosiya, tikupatsani ya mwezi umodzi yapamwamba." Musalembe. Ya mwezi umodziyo mukhala mwaigula ndi masiku anu onse 365. Ngati anakuzunzani mpaka munasiya nokha, pali nambala 7, koma ofesi siingakhulupirire pakamwa panu. Pamafunika kuti nkhaniyo idutse ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, ndipo kumeneko dandaulo la kuchotsedwa ntchito limayenera kufika pasanathe masiku 30. CCMA salipiritsa.

Kenako onani masiku. Tsiku loyamba ntchito likalembedwa molakwika ndi chaka chimodzi, masiku 91 apita, ndipo nthawi zambiri amenewo ndi omwe akanakudutsitsani malire a 238. Zimachitika kwambiri kwa anthu amene anayamba ngati aganyu kenako n'kulembedwa, kapena amene kampani yawo inagulidwa n'kusintha dzina. Bwana watsopano amangolemba tsiku limene iye anakupezani. Zikatero pamafunika UI-19 ziwiri, ya wakale ndi ya watsopano, kuti zaka zilumikizane. Chimodzimodzi ngati m'zaka 4 zimenezi munagwira kwa mabwana angapo: aliyense apereke yake.

Vuto lina silioneka pa pepala. Payslip ikhoza kusonyeza kuti UIF imadulidwa mwezi uliwonse, koma mukafika ku ofesi n'kupeza kuti mu kompyuta mulibe dzina lanu, kapena muli miyezi yodumphadumpha. Chifukwa chake n'chakuti kulipira ndalama ndi kupereka mayina ndi ntchito ziwiri zosiyana. Makampani ambiri amalipira UIF kudzera ku SARS, bungwe lotolera misonkho, pamodzi ndi msonkho, chindalama chimodzi cha antchito onse. Mndandanda wa mayina, wosonyeza kuti uje amalandira zakuti, umayenera kupita ku UIF pawokha pofika pa 7 mwezi uliwonse. Bwana akamalipira koma osatumiza mayina, thumba lili ndi ndalama zanu koma silikudziwani. Mankhwala ake n'kupempha ku labour centre, ofesi ya za ntchito ya m'dera lanu, kuti akusindikizireni mbiri ya zopereka zanu, muone miyezi yosowa, mubwerere kwa bwana akalembe miyeziyo pa salary schedule n'kudinda. Akakana, kapena ngati ankadula n'kumadya, kasumeni kwa ma inspector a pa labour centre pomwepo mutatenga ma payslip, kontirakiti ndi sitetimenti ya ku banki yoonetsa malipiro akulowa. Kulembetsa wantchito ndi udindo wa bwana mwa lamulo, si chifundo ayi. Ndipo kuona mbiriyi sikudikira kuti ntchito ithe. Pitani mukaione mukadali pa ntchito, pamene bwana akuyankhabe foni yanu.

Kwa ife a mapasipoti pali msampha winanso. Mzika ya South Africa ili ndi nambala imodzi ya manambala 13 moyo wake wonse, pamene pasipoti ikatha yatsopano imabwera ndi nambala ina. Zopereka za zaka zoyamba zimatsala pa nambala yakale, zatsopano pa nambala yatsopano, ndipo kalaliki akalowetsa yatsopanoyo amangoona miyezi yochepa. Munthu wa masiku 365 amapezeka wapatsidwa 60, iye n'kumayesa kuti ndi momwe zimakhalira. Pasipoti yakale musataye. Tengani zonse ziwiri, muuze kalaliki poyambirira penipeni kuti muli ndi manambala awiri ofunika kulumikiza, ndipo UI-19 ikhale ndi nambala imene bwana anakulembetserani. Onaninso kalembedwe ka dzina. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa pasipoti, UI-19 ndi akaunti ya ku banki, ndalama zimaima.

Pemiti nayo amaiona. Amene ali ndi mapepala a asylum, opempha kukhala ngati othawa kwawo, anali kukanidwa kale, mpaka khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula mu 2019 kuti nawonso ayenera kulandira. Amene alibiretu chilolezo chokhalira m'dzikomo njira ya UIF imamuvuta kwambiri, ngakhale kuti ku CCMA akhoza kukadandaulabe za kuchotsedwa mopanda chilungamo.

Kukapereka pempho

Muli ndi miyezi 12 kuchokera tsiku limene ntchito inatha. Kale inali 6. Musadikire kuti ithe, pitani sabata yomweyo mwalandira UI-19. Tengani pasipoti kapena ID, pemiti, UI-19, ma payslip a miyezi 6 yomaliza, kalata yokuchotsani, ndi fomu ya UI-2.8 yosonyeza akaunti yanu, yodindidwa ku banki. Akaunti ikhale ya dzina lanu. Ya mkazi wanu, ya achimwene, ya mnzanu wa ku tchalitchi, zonsezo amakana. Fomu yopemphera ndi UI-2.1, ndipo pomwepo mumalembetsanso ngati munthu wofuna ntchito pa kaundula wa ESSA. Popanda kulembetsa kumeneku pempho siliyenda.

Eni dziko ambiri amachita zonsezi pa uFiling, pa intaneti. A mapasipoti nthawi zambiri zimathera pa kupita nokha ku labour centre, ndiye lawirirani, mzere umayamba kusanache. Makope a mapepala kadinditseni ku polisi, n'kwaulere.

Pa geti mudzapeza madobadoba. Ena amagulitsa mafomu amene m'kati akuperekedwa ulere, ena amati ali ndi munthu wawo m'kati, ena amafuna gawo la ndalama zanu zoyamba. Pa Facebook ndi pa WhatsApp aliponso ochuluka. Palibe chimene UIF imalipiritsa, kuyambira fomu mpaka kulandira. Oopsa kwambiri ndi amene amapempha pasiwedi ya uFiling kapena kulemba akaunti yawo pa UI-2.8, komanso amene amalonjeza kusintha nambala 6 kukhala 11. Zikadziwika kuti UI-19 ndi yabodza, wobweza ndalama ndi kuyankha mlandu ndi inuyo, dobadoba atasowa kale.

Antchito a m'nyumba amene amagwira m'makomo angapo asaganize kuti ayenera kutaya makomo onse kuti alandire. Khomo limodzi kapena awiri akatha, ndipo zotsalazo zili pansi pa zimene UIF ikanakupatsani mukanakhala opanda ntchito konse, lamulo limalola kuti mulandireko.

Kusaina mpaka kumapeto

Pempho likavomerezedwa ndalama sizingobwera zokha mwezi ndi mwezi. Pafupifupi masabata 4 aliwonse mumayenera kutsimikiza kuti mukadali pa ulova, pa fomu ya UI-6A kapena pa uFiling. Tsiku limene akuuzani lilembeni poonekera. Mukadumpha, malipiro amaima mpaka mutakaonekera, ndipo ngati munadwala tengani kalata ya chipatala. Apa ndi pamene amene aganiza zopita kumudzi kukadikirira amaluza, chifukwa lamulo limafuna munthu wopezeka, wokonzeka kuyamba ntchito. Akakupezerani ntchito kapena maphunziro a luso inu n'kukana popanda chifukwa chomveka, akhoza kukuimitsirani ndalama.

Palibe fomu yapadera yopemphera masiku 127 omaliza. Ngati masiku anu alipo, mumangopitiriza kusaina, ndalama n'kutsika yokha kufika pa 20 peresenti. Anthu ena akaona yatsika amaganiza kuti yatha kapena yabedwa, n'kusiya kupita. Wa R5,000 uja akasiya pa tsiku la 238 wasiya R4,175 m'thumba. Ikaima msanga kuposa momwe munawerengera, funsani kuti akuuzeni masiku amene ali mu kompyuta, muyerekeze ndi anu. Mukapeza ntchito auzeni, musalandire pawiri.

Akakukanani, lembani apilo pa fomu ya UI-12 pasanathe masiku 90, muphatikizepo pepala lililonse lotsutsa chifukwa chimene apereka.

Masiku 365 akatha, UIF yatha. Palibe kuonjezera kwina mpaka mutalembedwanso ntchito n'kuyamba kusungira masiku atsopano. Chotsalira ndi thandizo la SRD, ndalama ya anthu osowa yochokera ku bungwe la boma la SASSA, lomwe linayamba mu 2020 pa R350 ndipo kuyambira Epulo 2024 ndi R370 pa mwezi, la anthu a zaka 18 mpaka 59 amene sapeza ndalama yoposa R624 pa mwezi. Limaperekedwa kwa nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, othawa kwawo, a mapepala a asylum, ndi a mapemiti apadera monga ZEP ya a ku Zimbabwe. Mmalawi wa pemiti wamba ya ntchito sali m'gulumo. Simungalandire SRD ndi UIF nthawi imodzi, ndipo kompyuta ya SASSA ikamakuonanibe kuti muli pa UIF imakana, choncho pemphani UIF itatha. Ngati pa ntchito pankadulidwanso provident fund, ndalama yosungira kupuma pa ntchito, imeneyo ndi ndalama ina yosakhudzana ndi UIF, ndipo fomu yake imachokera kwa bwana yemweyo. Itengereni limodzi ndi UI-19.