Timer relay ya ma mode ambiri: mmene imagwirira ndi kusankha mode yoyenera

Anzanga amene mumagwira zamagetsi muno mu Mzuzu, kaya ndi pa chigayo ku Chibavi kaya mu ma workshop aku Luwinga, ka timer kaja kopyapyala kamene kamakhala pa DIN rail, kachitsulo kopachikapo zida mu panel, pafupi ndi ma breaker musamakaope, ntchito yake ndi imodzi basi, kuwerenga nthawi kenako kutsegula kapena kutseka contact. Chimene chimasokoneza anthu ndi ka dial ka mode, kosankhira kagwiridwe ntchito ka timer, chifukwa kampani iliyonse imalemba zilembo zake. On-delay pa Finder ndi AI pomwe pa Schneider ndi A, ndiye mukaloweza chilembo cha mtundu umodzi nkukagula wina mudzangoti timer ndi yakufa koma ili bwinobwino. Ine ndimati siyani kuloweza zilembo, onani tizithunzi tija tojambulidwa m'mbali mwa timer, mudzifunse zinthu ziwiri: nthawi ikuyamba kuwerengedwa chikachitika chani, ndipo ikatha contact ikutani.

Mawaya kaye. A1 ndi A2 ndi pamene timer imadyera, live pa A1, neutral pa A2. Zambiri zimalandira kuyambira 12V kapena 24V mpaka 240V, AC kapena DC, choncho 230V yathu ya m'nyumba ili bho, koma mu panel ya three phase chonde musatenge phase ziwiri, pamenepo ndi 400V ndipo mumva kafungo kakupsa. B1, ena amalemba Y1, ndi polowera switchi kapena batani loyambitsa. Kenako 15, 16 ndi 18: 15 ndi common, relay, kaswitchi ka mkati mwa timer, ikakhala chete 15 imagwirana ndi 16, ikakoka 15 imapita ku 18. Nthawi mumaika ndi ma dial awiri, ina ya range ina yogawa, mwachitsanzo mukufuna mphindi 5, range ikani pa 10m, inayo pakati. Ndipo mode muzisintha magetsi atazima, ma timer ambiri amawerenga mode pamene akuyaka, mukapotokola ili moyaka ipitiliza ya kale.

On-delay ndiye imene timaifuna kwambiri kuno. Magetsi akafika pa A1 timer imayamba kuwerenga, relay ili chete, nthawi ikakwana ndi pamene 15 imagwira 18 nkukhala choncho mpaka magetsi atazima. Akazima isanamalize imayambiranso pa ziro. Mukudziwa mmene zimakhalira nthawi ya mvula, magetsi kuzima, kubwera, kuphethira, kuzimanso, ndiye compressor ya fuliji kapena cold room ikamadzuka pressure isanatsike imavutika nkutentha. Ikani mphindi 3 mpaka 5. Kalumikizidwe kake: live kuchoka pa breaker ipite pa A1, mudumphitse kawaya kupita pa 15, kuchoka pa 18 mupite pa koyilo ya contactor (switchi yaikulu yoyatsa mota, imene imakoka koyilo yake ikalandira magetsi), neutral pa A2 ya timer ndi mbali ina ya koyiloyo. Basi, magetsi akamasewera fuliji ingodikira.

Contactor ndaitchulayi musaidumphe pofuna kusunga ndalama. Pa timer palembedwa 8A kapena 16A inde, koma imeneyo ndi ya zinthu ngati heater, mota ikamadzuka imakoka mwina ka 6 kapena ka 7 kuposa pamene ikuthamanga, tima contact timapsa nkumatirirana, ndiye pampu siizimanso ngakhale timer itayesetsa bwanji.

Off-delay ndi imene anthu amalumikiza molakwika kawirikawiri. Iyi imafuna magetsi pa A1 ndi A2 nthawi zonse, switchi yanu ipite pa B1. Mukayatsa switchi relay imakoka pompo, mukazimitsa ndi pamene imayamba kuwerenga, nthawi ikatha imasiya, mukayatsanso isanamalize kuwerengako kumafufutika. Ndi yabwino pa fani ya ku toilet kuti izizungulabe mphindi zingapo munthu atatuluka, kapena fani yoziziritsa uvuni wa buledi. Mukaika switchi pa A1 mwaipha njala, singawerenge kanthu, fani izima limodzi ndi switchi. Ilipo ina yotchedwa true off-delay imene imawerenga ngakhale magetsi atachoka chifukwa ili ndi capacitor mkati, koma nthawi yake ndi yaifupi ndipo nthawi zambiri imagulitsidwa payokha.

Interval ndi on-delay yotembenuza: magetsi akafika relay imakoka nthawi yomweyo, nthawi ikatha imasiya ngakhale magetsi akadalipo. Mtundu wina wake umayamba ndi batani pa B1, mwadina kamodzi pampu ikuthamanga mphindi 20 kudzaza thanki nkuzima yokha, kapena belu la pa sukulu lilire masekondi 10. Koma timer siidziwa ngati thanki yadzaza, float switch, switchi yoyandama imene imazimitsa pampu thanki ikadzaza, ikhalepobe.

Flasher, ena amati cyclic, ingoyaka ndi kuzima mobwereza. Pa timer ya nthawi imodzi kuyaka ndi kuzima kumafanana kutalika, ndiye ngati mukufuna pampu ya borehole ithamange mphindi 15 ipume mphindi 45 kuti madzi abwerere, mufunse ya asymmetric, ili ndi poikira nthawi pawiri.

Za star-delta ya chigayo, njira yodzutsira mota yaikulu poyamba pa star kuti isakoke magetsi ambiri kenako nkupita pa delta, on-delay ikhoza kugwira, 16 ku contactor ya star, 18 ku ya delta, masekondi 5 mpaka 10 malingana ndi mota, koma ine ndimakonda timer yake yeniyeni ya star-delta chifukwa imasiya kampata kakang'ono star ikasiya delta isanalowe, ndipo interlock, yoletsa kuti onse akoke nthawi imodzi, pakati pa ma contactor awiriwo isasowe, akagwira limodzi ndi short ya ma phase.

Musanaike mu panel iyeseni pa tebulo ndi babu, range pa masekondi, nthawi pa 5. Ka LED kobiliwira kamaonetsa kuti magetsi afika, pa mitundu yambiri kamaphethira ikamawerenga, ndipo relay ikakoka mumva ka "tiki". Babu likachita zimene mumafuna, zimitsani breaker, yesani ndi tesita kuti mawaya alibedi moto, sinthani range ipite pa nthawi yeniyeni, kenako mulembe mode ndi nthawiyo ndi marker mkati mwa chitseko cha panel kuti wobwera pambuyo panu asamapotokole mwachisawawa.