Kalulu akuyetsemula ndi kutuluka mamina: chochita kunyumba

Mwafunsa za kalulu amene akuyetsemula, mamina oyera ali m'mphuno. Yambani mwayang'ana miyendo yake yakutsogolo. Ubweya wam'kati ukakhala womatana ndiye kuti wakhala akudzipukuta mamina kwa masiku angapo. Kawirikawiri ndi kachilombo ka Pasteurella multocida, ndipo kamafalikira msanga m'khola.

Choyamba mumupatule kwa anzake, ndi mbale yakeyake. Mukatero sesani khola lonse, muchotse udzu wonyowa ndi utuchi wafumbi. Fungo la mkodzo lija limapsereza mphuno, ndipo makola ambiri amene ndaona vuto limayambira pomwepo. Mpweya uzilowa, koma mphepo isamuombe mwachindunji.

Kenako mupukuteni mphuno ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, kawiri kapena katatu pa tsiku. Musazione ngati zazing'ono: kalulu amapumira m'mphuno basi, ikatsekeka amavutika ngakhale kudya. Beseni la madzi otentha pafupi ndi khola, poti sangalifikire, limathandiza kuti nthunzi ifewetse mamina. Mupatseni masamba aawisi amene amawakonda ndi madzi oyera.

Chonde musamumwetse makapisozi a amoxicillin kapena penicillin otsala m'nyumba. Amapha tizilombo tothandiza m'matumbo mwake, kalulu n'kufa ndi kutsekula m'mimba. Mankhwala oyenera, monga enrofloxacin, akupatseni dokotala wa ziweto atamuyeza kulemera.

Akayamba kupumira kukamwa, kupendeketsa mutu, kapena kutha maola 12 osadya, pitani nayeni kwa dokotala tsiku lomwelo.