Nyumba anapopera kale, nanga khoma mukuliziriranji?

Mvula isanayambe, opopera mankhwala a udzudzu anazungulira midzi yathu ndipo ambiri munawatsegulira zitseko. Koma pofika mu Disembala ndinapeza makoma a m'kati atazilidwa dothi latsopano, ena atapakidwa laimu kukonzekera Khirisimasi. Mankhwala onse aja munawakwirira ndi manja anu.

Vuto n'lakuti ambiri mukuganiza kuti mankhwalawo amapha ndi fungo, ndiye fungo likatha mukuti ntchito yatha. Ayi. Amapha udzudzu umene watera pakhomapo, ndipo pali chimene chimautereza.

Udzudzu waukazi ukakhuta magazi umalemera kuwirikiza kawiri kapena katatu, moti sungauluke mtunda. Umatera pafupi, pakhoma, kudenga kapena kuseri kwa kabati, kuti utaye madzi. Magazi akangolowa m'mimba mwake, minyewa imatulutsa mahomoni (timadzi totumiza mauthenga m'thupi), ena otchedwa DH31 ndi kinin. Amenewa amalamula timachubu tisanu tolumikizika ku matumbo, timene timagwira ntchito ya impso, kuti tichotse mchere ndi madzi mwachangu, komanso amathandiza matumbo akumapeto kukankha zotayidwazo. Anopheles, mtundu wa udzudzu wofalitsa malungo uja, amayamba kudontheza madziwo asanazule n'komwe mlomo pakhungu lanu. Pa mtundu wina, Aedes aegypti, akatswiri anapeza kuti pafupifupi magawo 40 pa 100 a madzi a m'magaziwo amatuluka m'maola awiri oyamba. Kenako mahomoni ena, a CAPA, amachepetsa kukodzako kuti udzudzu usaume, ndipo umakhala phee masiku awiri kapena atatu ukugaya magazi ndi kukhwimitsa mazira. Anopheles funestus, amene ndi wochuluka m'madera a m'mbali mwa nyanja ngati Nkhotakota, amakonda kupumira m'nyumba momwemo.

Tsono kachilombo ka malungo kamafuna masiku 10 kapena kuposerapo m'thupi la udzudzu kasanapatsire munthu wina. M'masiku amenewo udzudzu uja uluma kangapo, ndipo ukaluma utera pakhoma. Khoma lopopera likanaupha usanafike kwa mwana wanu. Inuyo mwauyalira dothi labwino loti upumirepo.

Bambo wina wolima chimanga, nditamufunsa, anati, "Alangizi, nanga alendo a chinkhoswe ndikanawalandirira m'nyumba yamathothomathotho?" Chinkhoswe chinatha tsiku limodzi. Mu Januwale ana awiri anagwa ndi malungo, mayi anakagonera kuchipatala, munda sunapaliridwe, feteleza wobereketsa anathira mochedwa, ndipo mbuzi inagulitsidwa kuti papezeke ya thiransipoti. Mpaka pano akuti kunali kulodzedwa. Zimanditopetsa, chifukwa nkhaniyi timaikamba pamsonkhano uliwonse kwa amfumu, anthu n'kumawomba m'manja, mawa lake ali ndi beseni la dothi. Ena mwayamba kukana opopera ati amabweretsa nsikidzi. Nsikidzizo zinalimo kale m'ming'alu.

Zochita ndi zochepa. Zirani kapena pakani laimu opopera asanabwere, tsiku lawo limalengezedwa. Akapopera, khoma musalitsuke, musalizire, musamatepo makalenda kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ngati munazira kale, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo gonani m'neti usiku uliwonse. Mwana akatentha thupi, mupite naye kukayezetsa magazi tsiku lomwelo.