Kutolera Msonkho wa Pamsika Kudzera pa Foni: Poyambira ndi Pati

A khonsolo, musathamangire kugula makina. Ntchito yoyamba ndi kaundula wa ochita malonda, chifukwa kompyuta singatolere msonkho kwa munthu amene khonsolo sikumudziwa.

Tumani anthu awiriawiri ayende benchi ndi benchi, kaya ku Zigwagwa kapena kumisika ya ku Chibavi ndi Luwinga mumzinda wa Mzuzu. Alembe dzina, nambala ya foni, mtundu wa malonda ndi nambala ya chiphaso cha unzika, chija a bungwe la kalembera wa anthu la NRB anayamba kupereka mu 2017. Chiphasocho n'chimene chimaletsa munthu mmodzi kulembedwa kawiri, pena Nyirenda pena Nyilenda. Benchi lililonse lipakidwe nambala yake ndi penti. Nambala imeneyo ndiyo wamalonda azilemba polipira.

Kenako khonsolo itsegule akaunti yakeyake ku Airtel Money ndi TNM Mpamba, zonse ziwiri. Ndalama ya boma isadutse pa nambala ya wotolera, ngakhale tsiku limodzi. Kulipirako kutheke pa kafoni kamabatani, popanda intaneti, ndipo uthenga wa SMS ukhale lisiti. Gwirizananinso msanga za amene azilipira ndalama yodulidwa potumiza: mayi wogulitsa tomato akangoona kuti pafoni pakumudyera zambiri, abwerera ku tiketi.

Pamene pamafera ntchitoyi ndi poyerekeza mabuku. Tsiku lililonse musanaweruke, wowerengera ndalama aike pamodzi lipoti la kampani ya foni, sitetimenti ya kubanki ndi zimene zalowa mu IFMIS, dongosolo la pakompyuta losungira mabuku a ndalama za boma. Zikasiyana, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti wina analakwitsa nambala ya benchi, kapena ndalama zagona ku kampani ya foni osatumizidwa kubanki. Za lero zimapezeka mosavuta, koma mukazisiya mwezi wathunthu, kulondola ndalama imodziimodzi kumakhala chintchito.

Magetsi a ESCOM amathima, netiweki nayo imagwa. Ikani batire kapena sola pa kompyuta ndi rauta, ndipo sungani buku la malisiti a manambala, zolembedwamo zilowetsedwe netiweki ikangobwera.

Otolera aja musawachotse. Akhale oyendera mabenchi ndi kuthandiza ovutika kulipira. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake, osabwerekana, makamaka poti lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likukhudzanso kaundulayo. Yesani msika umodzi kaye, tiketi ndi foni zikuyendera limodzi, mpaka mabuku atatu aja azigwirizana.