Nthenga zoyera zisapse pokonza chithunzi cha mbalame

Anzanga ojambula mbalame, ndaona zithunzi zambiri za nkhwazi zochokera ku Liwonde ndi ku Mangochi, mbalame yatera bwinobwino pa nthambi koma mutu wonse uli mbuu ngati ufa woyera, nthenga osaoneka olo imodzi. Zimandiwawa ndithu, poti munthu wadzuka mbandakucha kukadikira mbalame imeneyo m'mbali mwa Shire.

Ngati kamera kapena foni yanu ili ndi RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yajambula) muzijambula mu RAW, chifukwa JPEG, fayilo wamba ya zithunzi, imafika kwa inu kamera itataya kale zambiri za m'malo owala ndi amdima. Ndipo fayilo yoyambayo musaikhudze, pangani kope ndiye muziseweretsa kopeyo.

Mukatsegula chithunzicho mu pulogalamu yokonzera zithunzi, kaya Lightroom, kaya Snapseed yomwe ndi yaulere pa foni, kaya darktable yaulerenso pa kompyuta, musathamangire Saturation (yowonjezera ukali wa mtundu) ayi. Yambani ndi Highlights (malo owala kwambiri), muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka timizere ta nthenga za pakhosi tiyambe kutuluka, maso ali pa histogram (kachojambula kooneka ngati kaphiri koonetsa kuchuluka kwa kuwala ndi mdima), ngati kaphiriko katsamira khoma la kumanja ndiye kuti kuyera kwapsa, ndipo pomwe papseratu sipabwerera, mukakakamiza pamangotuwa ngati phulusa. Kenako kwezani Shadows (malo amdima) kuti mapiko akuda aoneke kuti ndi nthenga, koma pang'ono basi.

Pophunzira simufunika za transipoti. Khwangwala wa kudzala kumsika kwanuko ali ndi zonse ziwiri, chifuwa choyera ndi mapiko akuda bii. Mukamutha ameneyu, nkhwazi ndi kakowa sizikuvutaninso.

Zojambula m'mamawa pa ISO yokwera ngati 3200 (ISO timaikweza kuwala kukachepa) zimabwera ndi timadontho ngati mchenga. Chotsani kaye timadonthoto kenako ndiye Sharpening (kunola chithunzi kuti chioneke bwino), mukasemphanitsa mukhala mukunola mchengawo. Komanso nolani mbalame yokha ndi mask (chida chosankhira gawo limodzi la chithunzi), makamaka diso ndi mlomo, masamba a kumbuyo asiyeni afewe. Mukaona kamzere kowala kakuzungulira mbalame m'mphepete, mwapyola muyeso, bwererani. Diso likakhala kuti linaphonyeka pojambula palibe pulogalamu yolikonza bwino, sankhani chithunzi china.

Podula chithunzi siyani mpata kumene mlomo waloza, osadula mchira kapena zikhadabo.

Pa mtundu ndiye pamene sindinyengerera. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame yoposa 600 ndipo zina zimasiyana ndi kachikasu kochepa chabe pamimba kapena pakhosi, ndiye inu mukathira mtundu ngati chitenje chatsopano munthu wofuna kuizindikira mwamusocheretsa. Konzani White Balance (yokonza kuti choyera chioneke choyeradi) kuti chithunzi chifanane ndi zomwe maso anu anaona tsikulo. Kufufuta kanthambi kapena kusintha thambo ndi AI, ngati mwatero nenani poyera, ndipo zoterozo musakaziike pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zomwe anthu aona.

Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi imachifinya chithunzicho ndipo timizere ta nthenga mwavutikira tija timafufutika tonse.