Momwe mungayendetsere ScenarioRunner ya CARLA mu Docker

CARLA ndi pulogalamu yaulere yoyesera kayendetsedwe ka galimoto pa kompyuta. Inatuluka mu 2017 ndipo inamangidwa pa Unreal Engine, pulogalamu yopangira magemu a pa kompyuta. ScenarioRunner ndiyo imakonza zochitika za pamsewu mkati mwake: galimoto yakutsogolo kuima mwadzidzidzi, munthu kuwoloka msewu osayang'ana, ndi zina zotero. Ziwirizi sizimvana ngati ma version awo asiyana, ndipo n'chifukwa chake ine ndimaziika m'makontena a Docker (pulogalamu yotsekera pulogalamu ina ndi zonse zofunika zake m'bokosi lakelake lotchedwa kontena), chilichonse m'kontena yakeyake.

Mufunika kompyuta ya Linux yokhala ndi GPU (kachipangizo kojambula zithunzi) ya NVIDIA ya 6 GB kapena kuposerapo, Docker, ndi NVIDIA Container Toolkit. Popanda toolkit imeneyi kontena siiona GPU.

Choyamba, tsitsani CARLA:

docker pull carlasim/carla:0.9.15

Ndi ma GB angapo, choncho chitani pa Wi-Fi, osati pa bandulo ya foni. Ikatha, iyatseni:

docker run --name carla --gpus all --net=host carlasim/carla:0.9.15 /bin/bash ./CarlaUE4.sh -RenderOffScreen

Sipatseguka windo ililonse, musadandaule. CARLA ikudikira pa port 2000 ndi 2001.

Chachiwiri, tengani scenario_runner ku GitHub ya carla-simulator, musankhe tag (chizindikiro cha version) ya v0.9.15. Nambalayi ifanane ndendende ndi ya CARLA. Pano ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ine ndinatha tsiku lathunthu ndikulimbana ndi vuto la ma version osiyana, chonsecho ndinali nditangotenga nthambi ya master m'malo mwa tag osayang'ana.

Chachitatu, pali foda ya CARLA yotchedwa agents yomwe pip (chida choikira mapulogalamu a Python) sabweretsa, koma ScenarioRunner siyenda popanda iyo. Mu terminal ina, ikopereni kuchokera m'kontena yomwe ikuyenda ija:

docker cp carla:/home/carla/PythonAPI/carla ./carla_api

Kenaka lembani Dockerfile yanu, fayilo ya malangizo omangira image (chikombole cha kontena) ya ScenarioRunner. Yambani ndi FROM python:3.8, koperani scenario_runner ndi carla_api mkati, ikani carla==0.9.15 ndi zonse za mu requirements.txt kudzera mu pip, ndipo PYTHONPATH iloze ku carla_api. WORKDIR ikhale foda ya scenario_runner. Mangani:

docker build -t srunner:0.9.15 .

Tsopano yesani chochitika choyamba:

docker run --rm --net=host srunner:0.9.15 python scenario_runner.py --scenario FollowLeadingVehicle_1 --reloadWorld --output

Musaiwale --net=host. Mukaisiya, kontena ifunafuna CARLA mkati mwa iyo yokha, ndipo muona uthenga wa time-out ngakhale zonse zili bwinobwino.

Mapu a Town01 atseguka, galimoto ziwiri zili pamsewu, koma yanuyo ingoima chiimire kufikira wina ataigwira chiwongolero. Pa kompyuta yeniyeniyo, kunja kwa kontena, ikani pygame, numpy ndi carla==0.9.15, muyatse manual_control.py ya mu scenario_runner. W ndi yopita kutsogolo, S ndi buleki, A ndi D zokhotera. Kumbukirani kuti m'matauni a CARLA amayenda kumanja kwa msewu, osati kumanzere monga tinazolowera kwathu kuno. Tsatirani galimoto yakutsogoloyo, ikaima nanunso muime. Pamapeto pake --output ikuonetsani ngati mwagunda kapena ayi.

Mukafuna zochitika zanuzanu, zilembeni m'mafayilo a OpenSCENARIO, aja othera ndi .xosc. Zitsanzo zili mu srunner/examples. Ikani mafayilowo mu foda ya pa kompyuta, muilumikize ku kontena ndi -v, kenaka muitane ndi --openscenario. Mukatero muzingosintha fayilo n'kuyesanso, osamanganso image.